Mng'alu wa Kuchitseko

Lolemba, 1 Julayi

Lang'aluka.

Ndatsegula uvuni 8 koloko m'mawa, patatha masiku khumi ndi limodzi chithirireni. Thabwa lonse mbee ngati madzi a m'botolo, kukongola kwake, koma pakona imodzi mng'alu wautali ngati mkono wanga. Ndinangokhala pansi pasimenti, magolovesi ali m'manja. Tavita, amene amadula ndi kusalaza zimene taumba, anasuzumira pakhomo. "Asisi, tiyi?" Ndinamuuza kuti tiyi wakeyo amwe yekha. Anabweretsabe.

Ndilembe bwinobwino kuti mutu uleke kuzungulira. Ogula zitsulo zakutha a ku Wingfield akufuna matabwa awiri apulasitiki oti aime uku ndi uku pageti pawo. Lole ikamadutsa pakati, ngati m'zitsulomo mwabisala kanthu kotulutsa cheza choopsa, pulasitikiyo amaphethira kakuwala ka buluu kosaoneka ndi maso, diso lamagetsi n'kukaona, belu n'kulira. Koma kakuwalako kayenera kuyenda m'thabwa monse mpaka kumapeto kumene kuli disolo. Kakakumana ndi mng'alu, kathera pomwepo. Thabwa long'aluka ntchito yake n'kutsekera mphepo pakhomo basi.

Loyamba anaumba a Merv, mkulu wa chipinda chathu choumbira. Lili pashelefu, lokulungidwa, labwinobwino. Atangolimaliza, pa 10 Juni, anagwa kubafa kunyumba kwawo. Sitiroko. Lachiwiri latsalira ine. Zaka zisanu ndi zinayi ndili pambali pawo, kuyeza, kusakaniza, kukalipiridwa, ndipo tsiku loyamba kutsegula uvuni ndekha, taonani zimene ndakolola.

Lachiwiri, 2 Julayi

Abwana, a Kerrin, anandiitana kuofesi. "Khala pansi, Roula. Sindikukuimba mlandu." Munthu akayamba choncho umadziwiratu kuti mlandu ulipo.

Lole yotenga matabwa ibwera Lachisanu pa 9 Ogasiti. Likapanda kupezeka lachiwirilo, aitanitsa kunja kwa dziko, ndipo kuyambira pamenepo azingoitanitsa kunja. Chipinda choumbira chitsekedwa. Akuti ine andipezera mpando kolumikiza mawaya, Tavita kosungira katundu. Anati, "Merv anali mmodzi. Kampani singaime pa manja a munthu mmodzi." Ndinati manja alipo ena, awa. Ndinawaonetsa. Anangomwetulira mwachisoni, kumwetulira kumene ndimadana nako kuja.

Kulumikiza mawaya, ine! Kuli bwino ndikagulitse nsomba ndi tchipisi ku Semaphore kwa amalume.

Chimene chikundisangalatsa n'chimodzi: chipinda chili mbee. Sabata imene a Merv anagonekedwa ndinakokolola zonse. Zitini za bisiketi zopanda kanthu, manyuzipepala ampira a kalekale, makapu omera ndere, chibulangete chotuwa chonunkha chimene ankachiunjika pauvuni. Oyang'anira zachitetezo anachitchulapo kawiri konse. Zaka zonsezi ndinkalota tsiku losesa limenelo, ndipo sindinama, ndinasesa ndikuimba.

Lachitatu, 3 Julayi

Tsiku lonse ndi buku lobiriwira la a Merv. Zilembo ngati mwadutsa nkhuku. Ndawerenga mzere uliwonse katatu ndipo sindinalumphe kalikonse. Masiku asanu ndi limodzi kutentha, kufika madigiri 120. Masiku asanu kuzizira, kutsitsa makumi awiri patsiku. Ndinachita zomwezo ndendende.

Patsamba loyamba analemba mawu amodzi okha ndi zilembo zikuluzikulu: MANJA. Ndinaseka ndekha. Ndiwo mawu oyamba amene anandilankhula tsiku limene ndinayamba ntchito. Ndinatambasula dzanja kuti ndikhudze thabwa, iwo phaa pamsana pa dzanjalo. "Manja!" Mafuta a pakhungu amadya pulasitiki ameneyu. Lero suona kanthu, pakatha mwezi mpamene chala chako chimatulukira, timing'alu tating'onoting'ono ngati ukonde wa kangaude. Anamenyapo Tavita, anamenyapo a Kerrin, anamenyapo pulofesa wina wochokera ku Canberra atavala tayi. Chipinda chino lamulo ndi limodzi, ndipo olinena anali mmodzi.

Ndawasowa mdala ameneyu. Sindinkayembekeza.

Lachinayi, 4 Julayi

Ndathira kachiwiri.

Mwina ulendo woyamba ndinasiya mpweya m'mankhwala, ndiye lero ndadekha ngati ndikusambitsa khanda. Madzi a sitayirini malita ake, fungo lija lotsekemera lobaya m'mphuno. Ufa woyera. Kenako kaufa kachikasu, kochepa koti ukayetsemula katha. Kutakasa mpaka zonse zisungunuke. Nayitirojeni ndamulowetsa maola atatu m'malo mwa awiri, kuti athamangitse mpweya wonse, chifukwa mpweya ndiwo umachititsa thabwa kuchita chikasu ngati mano a wosuta. Chikombole ndachitsuka kanayi. Pothira, Tavita anagwira mbali inayo akung'ung'udza nyimbo yakutchalitchi kwawo ya Chisamoa. Ndinati achimwene, mutigwetsera malovu m'mankhwala. Anati, "Asisi, pakamwa pali chophimba, ndipo Mulungu amamva ngakhale zili choncho."

Ndinaunika ndi tochi ya pepo ndisanatseke. Chikombole chonse buluu ngwee. Zaka zonsezi, koma mtima umadumphabe.

Lamlungu, 7 Julayi

Mvula. Ndinapita kukaona uvuni ngakhale palibe choona. 120, bata.

Lachitatu, 10 Julayi

Kuzizira kwayamba. Makumi awiri patsiku, monga mwa buku. Kunja mphepo yochokera kunyanja ikuliza chitseko chachikulu chachitsulo ngati ikufuna kulowa. Ndavala majuzi awiri.

Amayi anaimba foni kufunsa ngati ndibwera Lamlungu. Akuti ndaonda. Sanandione mwezi wathunthu, koma akuti amva m'mawu.

Lolemba, 15 Julayi

Lang'alukanso.

Sindilemba zambiri. Ndinatuluka, ndinayenda mpaka ku Port Road, ndinadya payi wa nyama nditaima pamvula, ndinalira pang'ono. Ndabwerera.

Lachiwiri, 16 Julayi

Mankhwala atsala othira kamodzi kokha. Ena akati afike n'kumapeto kwa Ogasiti. Masiku nawo akukwana kamodzi kokha. Madzi afika m'khosi.

Tinagoneka matabwa awiri owonongekawo pabenchi. Tavita anawazungulira, manja kumbuyo ngati ali pamaliro. Kenako anati, "Asisi, ana awiriwa ndi a bambo mmodzi." Ndinamufunsa kuti akutanthauza chiyani. Analoza. Ming'alu yonse iwiri yayambira pakona imodzimodzi, yakumanja, mbali imene imayang'ana kuchitseko cha uvuni. Ine masabata awiri ndakhala ndikukayikira mankhwala, sikelo, nayitirojeni, ngakhale manja anga omwe, osaona chinthu chili pamphuno.

Ndayatsa uvuni wopanda kanthu. Choyezera kutentha china kumbuyo, china kuchitseko. Mawa tiona.

A Kerrin anadutsa pakhomo, sanalowe. Ndinawamva pafoni m'khonde akufunsa winawake kuti sitima imatenga masabata angati.

Lachitatu, 17 Julayi

Nazo. Uvuni ukamatentha, monse n'chimodzimodzi. Ukayamba kuzizira, kuchitseko kumathamanga, kumasiya kumbuyo ndi madigiri asanu ndi anayi. Mbali ina ya thabwa ikufota, ina idakali yofufuma, ndiye lilekerenji kung'aluka? Kanambala kosonyeza kutentha kapatsogolo pa uvuni kamangonena za kumbuyo. Kakhala kakundinamiza ndi nkhope yowala.

Chitseko ndi chopyapyala ndipo mphira wake unauma kalekale. Uvuniwo ndi wakale kuposa ine, amene anaupanga anatseka fakitale. Ndaimba malo anayi. Wina akuti angasoke mphira watsopano m'masabata asanu ndi limodzi. Ndinamuthokoza mwaulemu, foni itaduka ndinamutukwana.

Koma funso likundisowetsa mtendere. Uvuni ndi womwewu, chitseko chomwechi, Juni analinso wozizira. Nanga la a Merv linatuluka bwanji lathunthu? M'bukumu mulibe ngakhale liwu limodzi la chitseko.

Lachinayi, 18 Julayi

Ndinapita kukawaona. Ndakhala ndikuzengereza masabata asanu, ndivomere. Ndinkaopa.

Ali kuchipatala chimene amaphunzitsirako anthu kuyendanso. Achepa. Munthu amene ankadzaza chipinda ndi mawu, lero wangokhala pampando wamatayala, mbali yakumanja yonse yagona, pakamwa papotoka. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Mawu sakutuluka, kupatula amodzi. "Zopusa!" Akuti akafuna madzi ndi "zopusa", akaona namwino "zopusa", abusa atabwera "zopusa". Akazi awo, a Glenys, anati, "Mawu onse okoma apita, mwana wanga, kwatsala omwe ndinkapemphera zaka makumi anayi kuti achoke."

Ndinawauza a Merv zonse, ming'alu, kona, madigiri asanu ndi anayi. Maso awo anayaka. Anamenya pampando ndi dzanja lamanzere. "Zopusa! Zopusa!" Nkhope inafiira mpaka a Glenys anati basi, basi, akwiya, tisinthe nkhani.

Ndiye posintha nkhaniyo, akuwakonza kansalu kapamiyendo, anati mabulangete akuchipatala ndi opyapyala ngati pepala. "Kukhala kuti langa lija lilipo. Laubweya weniweni wa nkhosa, la ku Lobethal, mphatso ya ukwati wathu. Bamboyu analitenga chaka chimene anasamutsa uvuni kuuika pafupi ndi chitseko chachikulu. Akuti, Glenys, ndibwereke sabata imodzi, uvuni ukumva kuzizira. Sabata yake ndi inoyi! Ukaliona kuntchitoko, undibweretsere."

A Merv anasiya kumenya pampando. Ankangondiyang'ana, diso limodzi lotseguka kwambiri.

Ndinati, "Lotuwa?" Anati eya, lotuwa, la mizere yofiira m'mphepete.

Mayo ine. Ndinalitaya ndi manja angawa, ndikuimba.

Lachisanu, 19 Julayi

Ndinafika 7 koloko n'kuyamba kufukula m'chibini chachikulu kuseri, ngakhale ndikudziwa kuti achikhuthula kanayi chitayireni. Tavita anandipeza ndili m'kati mpaka m'chiuno.

"Asisi, malipiro achepa chonchi?"

Nditamufotokozera anayamba kuseka mpaka anagwira khoma. Ndinatsala pang'ono kumugenda ndi chitini. Akuti tsiku limene ndinasesa, iye analitola pamwamba pa zinyalala. "Bulangete labwino ngati limenelo? Kwathu sititaya. Akugonera Pisupo." Pisupo ndi galu wake, chigalu chachikulu ngati mwana wa ng'ombe.

Nthawi ya nkhomaliro tinapita kwawo ku Elizabeth pagalimoto yake. Pisupo sanafune kumva. Analigonera, mano panja, kulira kwa pansipansi. Akazi a Tavita anamunyengerera ndi fupa la nkhosa, ife n'kulisolola ngati akuba. Lili ndi ubweya wa galu paliponse, kona imodzi yatafunidwa, fungo lake losasimbika. Ndinalikumbatira njira yonse.

Ndinaimbira a Glenys. "Usalichape ndi madzi otentha, lifota! Ozizira, ndi manja, uliyanike pamthunzi." Sindinawauze za galu.

Loweruka, 20 Julayi

Ndalichapa m'bafa. Madzi anayi oyamba ngati khofi.

Koma kulipeza sikudziwa. Ndikukumbukira kuti m'masiku ozizira uvuni, m'mawa uliwonse a Merv ankayamba ndi bulangetelo, kulichotsa, kulipinda, kulibwezera, chipewa chidakali kumutu. Ine ndinkaona ngati ndi matukutuku a ukalamba, ndinkatembenuka n'kumatsuka mabotolo. Zaka zisanu ndi zinayi phunziro likuchitika kumbuyo kwanga. Mawu a akulu akoma akagonera, koma awa sanali n'komwe mawu.

Ndikawafunse. Kaya ayankha bwanji.

Lamlungu, 21 Julayi

Amayi ndawakhumudwitsa, ndinapita kuchipatala m'malo mopita kwawo.

Ndinatenga bulangete lonyowabe m'thumba. A Glenys analinunkhiza n'kundiyang'ana. Anangolibwezera m'thumba, Mulungu awadalitse.

Ndinagwada patsogolo pa a Merv. Ndinati, "Mdala, ndinalakwa. Ndinalitaya ine. Mudzanditukwana mukachira, pano ndiphunzitseni." Anayesa kulankhula. Milomo inagwedera, khosi linatupa, panatuluka phokoso lokha. Misozi inalengeza, yaukali, osati yachisoni. Ndinafuna kuthawa.

Kenako anakoka kathaulo kamene kanali paphewa pawo. Anakayala pabondo ndi dzanja lamanzere. Anakapinda pakati, kanagwa. Ndinafuna kuwathandiza, anandikankha. Anakatolanso okha, anakapinda pakati pothandizira ndi chibwano, n'kupindanso kachiwiri. Mapindo anayi. Anakaika pachifuwa panga ngati ine ndine chitseko, n'kukweza zala ziwiri.

"Kanayi, masiku awiri?" Anagwedeza mutu.

Anakapindulula kamodzi. Zala ziwiri. Kenako anakatambasula konse, chala chimodzi. Ndinabwereza: anayi masiku awiri, awiri masiku awiri, limodzi tsiku lomaliza. Anagwedeza mutu, koma sanathe. Anakoka kona yakumanja ya kathauloko n'kuipanikiza mwamphamvu m'khwapa mwanga, kawiri, katatu, mpaka ndinamva kuwawa. Kona yakumanja. Kuilowetsa kuseri kwa chogwirira chitseko, kumene mphira unatheratu.

Ndinalemba zonse pamkono, pepala ndinalibe. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanalembere m'buku. Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chimene salemba kuti munthu azivala buluku. "Zopusa," anatero, koma motsitsa, ngati kale pamene ndinkawapatsa tiyi wopanda shuga.

Potuluka a Glenys anandipatsa masikono m'chitini. "Bulangetelo ulibweze likamaliza ntchito, wamva?" Ndinati ndamva.

Lolemba, 22 Julayi

Ndathira kachitatu, komaliza. Migolo yatsala gwaa.

A Kerrin anaona bulangete litapachikidwa pampando. "Roula, chinthu ichi sitinagwirizane kuti chichoke?" Ndinawafotokozera. Anati azachitetezo akachiona pauvuni atidya amoyo. Ndinati ndi ubweya wa nkhosa, suyaka chisawawa, ndipo kunja kwa chitseko kumangofunda ngati kapu ya tiyi. Ndinawaonetsa manambala a Lachitatu. Anawerenga, anapukusa mutu. "Ndiye kuti zaka makumi awiri ndi zisanu kampani ino yaima pa bulangete?" Ndinati eya, la a Glenys.

Anandibwezera manambala aja. "Tamvera. Ngati ndi njira yogwirira ntchito, uyeze, ulembe, usaine, ndikaonetse azachitetezo lero lomwe. Ngati ndi zithumwa, lichoke." Ndinati ndiyeza mpaka atope nazo. Zoyezera zitatu: kumbuyo, kuchitseko, ndi pansi pa bulangete.

Si munthu woipa. Koma pepala loitanitsira kunja lili patebulo pawo, ndaliona, langotsala kusainidwa.

Lachinayi, 25 Julayi

120. Kudikira basi. Ndatsuka mabotolo oyera kale.

Lamlungu, 28 Julayi

Kuzizira kwayamba, 9 koloko m'mawa. Mapindo anayi. Kona yakumanja kuseri kwa chogwirira, ndinaipanikiza mpaka chala chinachita dzanzi. Ndinadzipeza ndikulisisita bulangetelo ndikamaliza, monga ankachitira iwo.

Madzulo kusiyana madigiri awiri okha. Awiri! Ndinavina ndekha m'chipinda.

Lachiwiri, 30 Julayi

Mapindo awiri. Popindulula mtima ukuti siya anayi omwewo, zikuyenda bwino, ukuputiranji? Koma mdala anati awiri. Ndamvera. Ndikuona chifukwa chake tsopano: ukasiya anayi, kuchitseko ndiko kumatsalira m'mbuyo, mng'alu n'kubwera chakumbuyo.

Masana woyendetsa lole wina anatsegula chitseko chachikulu kuti atsitse katundu wa anthu ena, chimphepo chonse n'kulowa. Ndinathamanga ndikukuwa. Sindikukumbuka zonse zimene ndinanena, koma Tavita akuti zina zinali za Chigiriki cha kwathu ndipo bamboyo anamva ndithu. Chinali chotsegula mphindi zitatu. Kusiyana kunakwera kufika madigiri anayi, n'kubwerera pa awiri. Anayi ndi ochuluka? Sindikudziwa. Palibe womufunsa amene angayankhe.

Tavita wamanga chitsekocho ndi unyolo, walembapo kuti wotsegula akakumana ndi Roula.

Lachinayi, 1 Ogasiti

Pindo limodzi. Chakudya sichikulowa.

Lachisanu, 2 Ogasiti

Ndinaima patsogolo pa uvuni mphindi khumi osaugwira. Tavita anati, "Asisi, nditsegule ine?" Ndinati ayi. Ndinachotsa bulangete, ndinalipinda bwinobwino, ndinavala magolovesi.

Ndinayamba kuyang'ana kona yakumanja. Palibe. Ndinaunika ndi tochi ya pepo kuchokera uku mpaka uko, pang'onopang'ono, ndikufunafuna kamzere, kathovu, kalikonse. Buluu yekhayekha, wosalala, kuyenda mpaka kumapeto osapunthwa.

Lathunthu.

Tavita anandinyamula m'mwamba ngati thumba la mbatata. Ndinamuuza kuti anditsitse, sitinathe, lingathe kung'aluka pamakina ake. Anati, "Mwayamba kulankhula ngati mdala uja."

Lolemba, 5 Ogasiti

Tavita wadula. Pang'onopang'ono, madzi akuthira, chifukwa likangotentha pang'ono pampeni limachita chifunga. Ine ndinaima kumbuyo kwake mpaka anandithamangitsa. "Pitani mukadye, mukundipumira m'khosi."

Lachitatu, 7 Ogasiti

Kusalaza kwatha dzulo. Lero mayeso.

Tinaika la a Merv pabenchi, tinalumikiza diso lamagetsi, tinatenga kabatani kathu koyesera kotulutsa cheza pang'ono n'kukaika kumapeto akutali. Ndinalemba nambala. Kenako langa, malo omwewo, kabatani komweko. A Kerrin anaima pakhomo manja atapinda.

Langa latsala ndi ziwiri pa zana lililonse poyerekeza ndi la a Merv. Malire ndi zisanu. Lakhoza.

Ndikanakonda likanawaposa, ndisaname. Koma lakhoza.

A Kerrin anati, "Wachita bwino, Roula." Za chipinda sananene kanthu, ine sindinafunse. Limodzi mwa atatu, mwina akuona ngati ndi mwayi chabe. Pepala lija likadali patebulo.

Madzulo ndatsegula buku lobiriwira. Pansi pa tsamba la kuzizira ndalemba ndi zilembo zanga: anayi, anayi, awiri, awiri, limodzi, kona yakumanja. Koyamba kulemba m'buku limeneli. Ndinaimbira a Glenys kuti mawa, tisanakulunge thabwalo, abwere ndi a Merv ngati achipatala alola.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Anabwera 10 koloko pa takisi ya mipando yamatayala. Awaveka jekete yawo yakuntchito, imene tsopano ikuwakulira. Atalowa anayang'ana mashelefu oyera, pansi posesedwa, malo amene panali zitini zawo. "Zopusa," anatero. Tavita anati, "Takulandirani, bwana."

Ndinazimitsa magetsi, ndinayatsa tochi. Thabwa linayaka buluu pabenchi, kuwala kwake kukuwagwera kumaso. A Glenys anati, "Ha! Zaka zonsezi sanandionetseko." Ndinakankha mpando kufika pafupi. A Merv anaweramira kukona yakumanja, anayang'ana nthawi yaitali, akupuma mwamphamvu. Ndinaona dzanja lawo lamanzere likunyamuka pabondo, lopanda golovesi, likupita kuthabwa.

Sindinaganize. Phaa!

"Manja!"

A Glenys anagwira pakamwa. Tavita anayang'ana kudenga. Ine ndamenya munthu wodwala sitiroko pamaso pa mkazi wake, pa dzanja lokhalo limene lawatsalira. Ndinafuna pansi patseguke.

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinkayesa akulira. Ayi, ankaseka, ndi theka la pakamwa, misozi ikutsika mbali imodzi. Analimbana ndi lilime, kamodzi, kawiri, ndipo mawu anatuluka olemera ngati mwala: "Ma... nja." A Glenys anakhala pansi pa sitoolo n'kuyamba kufufuza kansalu m'chikwama.

Nthawi yomweyo a Kerrin analowa, anapereka moni kwa a Merv, anaona buluu uja n'kunena kuti sanaonepo lokongola chonchi. Dzanja lawo linayamba ulendo womwewo. A Merv anawaona. Sanatsegule pakamwa. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kuyang'ana ine.

Ndinati, "Manja, a Kerrin."

Anabweza dzanja msanga n'kulilowetsa m'thumba. Anatiyang'ana tonse mmodzimmodzi. Kenako anandifunsa kuti mankhwala akafika kumapeto kwa mwezi, ndingaumbe matabwa angati Khirisimasi isanafike, chifukwa anthu a ku Whyalla aimba foni kawiri.

Ndinati anayi. Tavita anatsokomola. Ndinati atatu.

Potuluka, takisi ikudikira, a Glenys anaona bulangete litapindidwa pamwamba pa uvuni. Analisisita m'mphepete mwa mizere yofiira. "Ndiye lamaliza ntchito, mwana wanga? Ndilitenge?"

Ndinati ayi, mayi, ndibwerekeni sabata imodzi.